Phulusa Limwe Kaye

Msewu wa M3 ukawoloka Shire pa Mangochi umakwera mapiri a Chowe, n'kudutsa Namwera, n'kukathera pa Chiponde. Kutsogolo kwake ndi chipata cha malire, ndipo kutsidya kwa chipatacho ndi Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Wodutsa amaona malole, njinga za kabaza, anyamata osintha makwacha ndi mametikali, ndi matumba a katundu ounjikana. Zimene saona zili kuseri kwa nyumba, pambali pa mafuwa, pomwe mayi wakhazika chitini chobowola pansi pamwamba pa mbale, ndipo m'mbalemo mukugwa madontho a madzi ofiirira. Akudontheza chidulo.

Zida za ntchitoyi n'zochepa: chitini chakale chobowoledwa ndi msomali kapena kamphika kobowoka, udzu wouma wodzaza dzanja, phulusa, madzi ndi mbale yolandirira. Ine ndimaiwerengera pa maluso akulu a kukhitchini kwathu, pamodzi ndi kufulula thobwa ndi kufutsa ndiwo. Chimene dzanja la mayi limachita pa chitinicho chikukhudza funso limene lazunguza akatswiri a sayansi kwa zaka zoposa 170, lakuti mchere ukasungunuka umawachita chiyani madziwo, ndipo n'chifukwa chiyani mchere wina umawamanga pamene wina umawamasula.

Luso limayamba moto usanayake, posankha chootcha. Wodziwa amatola zitsononkho, makoko a nyemba ndi a khobwe, zotsalira za mtedza, makoko a nthochi ouma, nthawi zina mapesi. Phulusa la pa mafuwa, lochokera ku nkhuni zosakanizika, amaligwiritsa ntchito pokhapokha atasowa pogwira, ndipo masiku ano amalipewa kwambiri chifukwa moto wambiri amauyatsira mapepala apulasitiki. Kusankha kumeneku kuli ndi maziko. Mbewu ikamakula imakoka potaziyamu wambiri m'nthaka, ndipo wochuluka amatsalira m'mapesi, m'makoko ndi m'zitsononkho. Thunthu la mtengo wokhwima limasunga kashiamu wambiri. Moto ukanyeketsa zonse zimene zingapse, zotsalazo zimakhala m'phulusa ngati michere yamitundumitundu. M'phulusa la zitsononkho mchere waukulu ndi potaziyamu kaboneti, ndipo umenewu ndiwo mphamvu ya chidulo. Ndi madzi a phulusa omwewa amene anthu a ku Ulaya ankapangira sopo ndi magalasi, ndipo mu 1807 Humphry Davy ku London anapatula potaziyamu koyamba kuchokera ku mankhwala ochokera m'madzi oterewa.

Kuotcha kwake kumafuna malo osesa bwino kapena chidutswa cha lata, kuti dothi lisalowerere. Moto uyenera kutha wokha mpaka phulusa likhale mbuu. Likatsala bii, ndi timakala tosapsa, chidulo chimatuluka chakuda, chonunkha utsi. Likazizira amaliwola tsiku lomwelo n'kulisunga m'chiwiya chovundikira, lisanagoneredwe ndi mame. Potaziyamu kaboneti ndi mchere waludzu kwambiri. Chinyezi cha mumpweya chikangopitirira 43 peresenti, umayamba kukoka madzi kuchokera mumpweyamo mpaka kudzisungunula wokha. Mchere wathu wa m'ndiwo sutero mpaka chinyezi chitafika pafupifupi 75 peresenti. Choncho phulusa losiyidwa panja limaguga msanga, ndipo lovumbidwa ndi mvula latha ntchito, chifukwa mvulayo yadontheza kale chidulo chonse n'kuchimwetsa nthaka.

Tsopano chitini. Udzu umayalidwa pansi, mopingasa, kuti utseke mabowo koma usawatseke zedi. Phulusa limathiridwa pamwamba pake n'kulitsendera ndi zala pang'ono chabe. Likatsenderedwa kwambiri madzi amaima, osatsika. Likasiyidwa lotayirira madzi amaboola njira imodzi m'mphepete mwa chitini n'kuthamangira pansi osakhudza phulusa lapakati. Pakati pa zolakwika ziwirizi pali kampata kakang'ono, ndipo zala za wozolowera zimakapeza popanda kuganiza. Madzi oyamba amathiridwa ochepa, mozunguliza, ongokwanira kunyowetsa. Apa mpamene mtsikana wophunzira amapupuluma.

"Anganga, sizikudontha. Ndithire ena?"

"Dikira mwanawe, phulusa limwe kaye."

Mawu amenewa ndimawakonda chifukwa ali ndi phunziro lonse. Phulusa louma lili ndi mpweya m'timipata take, ndipo madzi ayenera kuyamba autulutsa, n'kufika pa kambewu kalikonse ka mchere. Likamwa n'kukhuta, madzi othiridwa pambuyo pake amakankha oyamba aja kutsika nawo mofanana, atasenza kale mchere wawo. Dontho loyamba limatuluka lolemera, lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo otsatira amanka nayera. Wodziwa amachotsa mbale yoyamba isanasungunuke ndi madzi ofooka, n'kuikapo ina yolandira achiwiri.

N'chifukwa chiyani madzi ochepa, ozizira, oyenda pang'onopang'ono amaposa ndowa yathunthu yovundulira phulusa? Michere siimvera madzi mofanana. M'madzi okwana mamililita 100, pa kutentha kwa m'nyumba, potaziyamu kaboneti amasungunuka magalamu oposa 100. Mchere wa m'ndiwo umalekera pa magalamu 36. Soda wa m'sitolo safika ngakhale pa magalamu 10. Kashiamu kaboneti, amene ndi laimu wa m'miyala, sakwana ngakhale magalamu 0.01. Ndiye madzi ochepa aja akamadutsa m'phulusa amanyamula potaziyamu pafupifupi yense n'kusiya kashiamu m'chitini, ndipo kaboneti wochuluka amene ali m'madziwo amakanikizanso kashiamu kuti asasungunuke. Apa ndi pamene ndimagoma napo, chifukwa mumphika potaziyamu kaboneti amafewetsa ndiwo pamene kashiamu amazilimbitsa. Chitini chobowola ndi udzu zimalekanitsa chofewetsa ndi cholimbitsa, zimene zinali zosakanizika m'phulusa limodzi. Wothira phulusa lenilenilo mumphika amathira zonse ziwiri, ndi mchenga womwe.

Kuti timve zimene zikuchitika m'dontho lija tiyenera kutsika kumene maso safika. Dontho limodzi lili ndi mamolekyu a madzi ochuluka kuposa nambala ya 1 wotsatana ndi maziro 21. Molekyu iliyonse ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidrojeni, ndipo mphamvu ya magetsi siinagawike mofanana pa iyo: mbali ya okosijeni imakoka zinthu za mphamvu ya pozitivu, mbali ya haidrojeni imakoka za negativu. Chifukwa cha ichi molekyu iliyonse imagwirana ndi anzake pafupifupi anayi. Kugwirana kwake sikukhalitsa. Imasiya mnzake uyu n'kugwira wina maulendo oposa mabiliyoni 100 pa sekondi imodzi. Mu 2006 Damien Laage ndi James Hynes anasonyeza kuti molekyuyo siitembenuka pang'onopang'ono monga ankaganizira kale. Imadikira mpaka mnzake watsopano atayandikira, kenaka n'kudumphira kwa iye mwadzidzidzi, kutembenuka pafupifupi madigiri 60 nthawi imodzi. Kuyenda konse kwa madzi, kaya mumtsinje wa Shire kaya m'kabowo ka chitini, kumadalira kudumpha kumeneku.

Mchere ukalowa m'madzi umagawika kukhala tizigawo tokhala ndi mphamvu ya magetsi, totchedwa maayoni, ndipo kalikonse kamazunguliridwa ndi mamolekyu a madzi. Sodiyamu ndi potaziyamu ali ndi mphamvu yofanana ndendende, koma potaziyamu ndi wamkulu, kuposa mnzakeyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mphamvu ya sodiyamu yaunjikana pamalo ochepa, motero amagwira mamolekyu asanu kapena asanu ndi limodzi omuzungulira mothina, ndipo kudumpha kwawo kumachedwa. Ya potaziyamu yamwazika pa thupi lalikulu, ndipo kugwira kwake n'kofooka moti madzi omuzungulira amasuntha momasuka, mwinanso kuposa mmene akanachitira pakati pa madzi okhaokha. Zili ngati pa msika tsiku lodzaza: mayi wagwira mwana pamkono zolimba, mwanayo sangapatuke, pamene agogo angoika dzanja paphewa la mdzukulu, ndipo mdzukuluyo akutembenukira kulikonse kumene wafuna. Maginiziyamu ndiye wouma dzanja kuposa onsewa. Ndi wamng'ono, mphamvu yake ndi yowirikiza kawiri, ndipo mamolekyu asanu ndi limodzi amene wawagwira amakhala naye nthawi yotalika maulendo oposa 100,000 poyerekeza ndi mmene madzi amagwirirana okhaokha.

Chochititsa chidwi n'chakuti woyamba kuona kusiyana kumeneku anakuona poyang'ana madzi akudutsa pa kabowo. Mu 1847 dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, amene ankafuna kumvetsa kayendedwe ka magazi, ankadutsitsa madzi m'timachubu tagalasi topyapyala n'kumawerenga nthawi. Anapeza kuti michere ina imachedwetsa madziwo, koma ina imawafulumizitsa. Mu 1888 ku Prague, Franz Hofmeister anandandalika michere malinga ndi mphamvu yake youndanitsa choyera cha dzira, ndipo mndandanda wake ukugwirabe ntchito mpaka lero. Mu 1929 Grinnell Jones ndi Malcolm Dole ku Harvard anapereka njira yoyezera ndi nambala mmene mchere uliwonse umalemeretsera kapena kupeputsira madzi. Kwa zaka zambiri pambuyo pake akatswiri ankaphunzitsa kuti ayoni imodzi imasintha kaimidwe ka madzi mpaka patali. Mu 2003 gulu la Huib Bakker ku Amsterdam, pogwiritsa ntchito kuwala kwa leza kothwanima mwachangu kwambiri, linapeza kuti mamolekyu amene sakukhudzana ndi ayoniyo amatembenuka pa liwiro lomwelo la madzi wamba. Mkangano ukupitirirabe, makamaka pa madzi amene mchere wachuluka kwambiri, pomwe pafupifupi molekyu iliyonse ili pafupi ndi ayoni ina yake. Madontho oyamba a chidulo champhamvu akuyandikira madzi a mtundu umenewo.

Mayi wa ku Chiponde alibe leza, koma ali ndi zoyezera ziwiri zodalirika. Amaviika chala m'mbale n'kuchipaka pa chala chinzake. Chidulo chabwino chimaterera. Kenaka amakhudzitsa kansonga ka lilime: chiyenera kuluma pang'ono, ndi kuwawa kopita kumchere. Kutereraku n'kochokera kwa kaboneti. Mosiyana ndi mnzake potaziyamu, kaboneti amagwira madzi mwamphamvu, mpaka kufika polanda haidrojeni mmodzi kwa molekyu ya madzi. Chotsalacho chimachititsa madziwo kukhala aukali wa mtundu wa sopo, umene pa muyeso wa pH umapitirira 10 kawirikawiri, pamene madzi wamba ali pa 7. Ukali umenewu ukakumana ndi mafuta a pakhungu umawasandutsa kasopo kochepa, ndiye kuterera kuja. Chala chimauza mwini wake kuti lero athire masupuni awiri kapena anayi, chifukwa phulusa la lero silifanana ndi la sabata yatha, ndipo palibe muyeso wolembedwa umene ungalowe m'malo mwa kuyesa kumeneku.

Mumphika ndi momwe zonse zimaonekera. Therere, kaya lobala kaya denje kapena chewe, limaphikidwa ndi madzi ochepa. Chidulo chimalowa madzi akayamba kutentha, therere pambuyo pake, ndipo wophika sachoka pamoto chifukwa limafufuma n'kusefukira m'kanthawi kochepa. Amalivundula, amalipungulira moto, amaliyang'ana mmene likutsatira chipande. Timakoma ta tizigawo ta masamba tinamatidwa ndi chinthu chotchedwa pekitini, ndipo pekitiniyo amamangidwa ndi kashiamu. Potaziyamu amalowa m'malo mwa kashiamuyo koma sangamange mbali ziwiri monga iye, pamene ukali wa kaboneti umadula pekitini mwiniyo. Timakoma timamasuka, madzi amalowa, ndipo kunanda kwa therere kumatuluka msanga. Ndi mmenenso chigwada chimagonjera, ndi masamba okhwima a m'chilimwe, ndi nyemba kapena nandolo wokhalitsa m'thumba, amene kutentha kwa m'nyumba kwamuumitsa mtima moti akhoza kutha mtolo wa nkhuni asanapse. Kumene madzi a pa mjigo ali ndi kashiamu wambiri vuto la nyemba limakula, ndipo chidulo chimaligwetsa. Mtundu nawonso umasungika. Pakati pa chinthu chimene chimabiriwitsa tsamba pali atomu ya maginiziyamu. Asidi wotuluka m'masamba pophika amaichotsa, ndiwo n'kusanduka zotuwa. Chidulo chimapha asidiyo, ndipo nkhwani imafika m'mbale ili biriwiri.

Luso lenileni lili pa kudziwa polekera. Chidulo chikachuluka ndiwo zimasanduka phala, zimanunkha sopo, zimawawa kukhosi. Palinso chotayika chimene lilime silimva: ukali umawononga vitamini C ndi vitamini B1, ndipo alangizi a zakudya akamachenjeza za soda ndi chidulo amanena zoona. Mphika wothiridwa pang'ono n'kuphulidwa msanga umataya zochepa kuposa umene wathiridwa chambiri n'kusiyidwa ukubwata. Amayi odziwa samathira chidulo m'ndiwo zilizonse. Bonongwe wanthete kapena mpiru wa kudimba safuna thandizo lotere. Jessie Williamson, m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, analemba za chidulo ndi masamba amene ankaphikidwa nacho, ndipo zikuonetsa kuti kusiyanitsa ndiwo zofuna chidulo ndi zosafuna n'kwakale.

Chiwiya chobowola ndi udzu chili ndi mbiri yaitali m'boma la Mangochi. Mu September 1866 David Livingstone, atachokera kwa mfumu Mataka ku Mwembe n'kuzungulira kumwera kwa nyanja, anadutsa pa chigwa cha dothi la mchere asanafike kwa mfumu Mponda, pafupi ndi pamene pali tawuni ya Mangochi lero. Anapeza anthu akupanga mchere: ankaika dothilo mumphika wobowoka pansi, wotsekedwa ndi udzu, n'kuthiramo madzi, ndipo odonthawo ankawawiritsa mpaka kutsala mbulu wa mchere. Njira yake ndi yomweyi, koma mathero ake ndi ovuta kuposa a chidulo. Mchere wa m'ndiwo sulabadira kutentha: m'madzi ozizira umasungunuka magalamu 36, m'madzi owira 39 okha. Choncho sungautulutse poziziritsa madzi. Uyenera kuwathamangitsa onse ndi moto, ndipo sodiyamu sawataya mosavuta. Madzi okhuta mchere amawira pa kutentha kokwera ndi madigiri pafupifupi 8 kuposa madzi wamba. Nkhuni zinkapita zambiri, ndipo n'chifukwa chake mchere unali chuma chosinthanitsa ndi makasu ndi nsalu. Kumwera kwa Chiponde dzuwa limagwira ntchito yomweyo pa nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Livingstone ndi mnzake John Kirk atafikako mu April 1859 anapeza madzi ake ali amcheremchere, pamene nyanja ya Chiuta, imene imatsanulira ku Amaramba ndi mumtsinje wa Lugenda, madzi ake ndi opepukirapo.

Amalonda achiyao a kale ankapita kugombe la nyanja ya mchere ndi makasu, fodya ndi minyanga, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mchere. Lero mchere umapangidwabe m'madambo a kugombe la chigawo cha Nampula, ku Nacala ndi ku Mossuril, ndipo msewu wochokera kumeneko umadzera Cuamba ndi Mandimba. Amene anasungapo mchere wamibulu wosayeretsa m'nyengo ya dzinja amadziwa mmene umanyowetsera thumba. Wolakwa ndi maginiziyamu uja wouma dzanja, wotsalira pang'ono kuchokera m'madzi a m'nyanja, amene mchere wake umayamba kumwa mpweya chinyezi chikangofika 33 peresenti. Ndi yemweyonso amene amaupatsa kakuwawa kakumapeto.

Mdani wamkulu wa chitini chobowola ndi kapaketi ka soda ka pa okala. N'kotchipa, sikafuna kuotcha kanthu, ndipo mayi amene wachokera kumunda dzuwa lili pamutu sangadzudzulidwe pokagula. Koma soda ndi chidulo si chinthu chimodzi. Soda ndi sodiyamu bayikaboneti, ndipo amawonjezera sodiyamu pamwamba pa mchere umene uli kale m'ndiwo, pamene chidulo chimabweretsa potaziyamu pamodzi ndi timichere tina ta m'phulusa timene timapatsa therere kakomedwe kake kozama, kamene okulira kumudzi amakazindikira pa mbamu yoyamba. Kagwiridwe kake ka ntchito nakonso n'kosiyana. Soda ali wozizira ndi wofatsa, pH yake ili cha pa 8 basi. Amalusa pokhapokha akatenthedwa, pamene amatulutsa mpweya wa kaboni n'kusanduka kaboneti, ndiye thovu lija limakwera mumphika. Mphamvu yake imabwera mochedwa, ndiwo zili kale pamoto. Chidulo chimalowa mumphika chili chokonzeka kale, ndipo chimayamba ntchito pa tsamba loyamba. Wozolowera soda akapatsidwa mbale ya madontho oyamba amathira mopyola, chifukwa akuyembekezera thovu loti limuuze kuti zakwana, ndipo thovulo silibwera mwa njira imene waizolowera. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuti wophunzira ayambire pa mbale yachiwiri, yofooka ija, pa mphika wa nkhwani, mpaka chala chake chitadziwa kusiyanitsa kuterera kwa masupuni awiri ndi kwa masupuni anayi, ndipo akatero ndiye apatsidwe therere.